Pepala la dokotala si mankhwala

 Ndikufuna tikambirane nkhani imene timakonda kuidumpha. Mnzathu akadwala timamupempherera, timamufunsa ngati wapita kuchipatala, ndipo akavomera mitima yathu imakhala pansi. Pali funso lina limene sitifunsa: kodi mankhwala amene adokotala alembawo wawapeza? Wagula onse, kapena a masiku atatu okha molingana ndi ndalama imene inali m'thumba? Nanga mwezi wamawa adzawapezanso? Ena mwa abale amene tinawaperekeza kumanda anaonana ndi dokotala bwinobwino, matenda awo anadziwika, pepala la mankhwala analandira. Chimene chinasowa ndi mankhwala enieniwo.

Tiyambire kwathu. Ku Malawi chipatala cha boma sichilipiritsa, ndipo ichi ndi chinthu chimene munthu amachiyamikira akatuluka kunja. Umanyamula kabuku kako ka kuchipatala, umakhala pa mzere kuyambira m'mamawa, adokotala amalemba m'kabukumo, kenako umapita pa zenera lolandirira mankhwala. Amayi anga, amene amakhala kumudzi ku Ntcheu, ali ndi BP komanso shuga. Mawu amene amamva kawirikawiri pa zenerapo inunso mukuwadziwa: awa alipo, awa palibe, mukagule. Zikatero mng'ono wanga amajambula tsamba la m'kabuku muja n'kunditumizira pa WhatsApp, ine n'kutumiza ndalama. Ndalama ikachedwa masiku asanu, amayi amakhala masiku asanu osamwa mankhwala, ndipo sanena kanthu poopa kundidetsa nkhawa. BP simva kuti mwana wanu sanalandire malipiro. Imangokwera mwakachetechete mpaka tsiku limene munthu wagwa n'kufa ziwalo mbali imodzi.

Namwino wa pa zenera uja si amene anabisa mankhwala. Mankhwala ambiri amene timamwa ku Malawi amachokera kunja, makamaka ku India, ndipo amagulidwa ndi madola. Bungwe la Central Medical Stores Trust, limene limagulira zipatala za boma, limafuna ndalama zakunja kuti ligule, chimodzimodzinso a m'mafamase. Ndalama zakunjazo zikasowa m'dziko, mashelefu amayamba kuyera. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene mumatumiza ndalama kumudzi munaona nokha kuti ndalama imene inkagula mankhwala a mwezi wathunthu inayamba kuthera panjira.

Ku Nairobi zinthu zimaoneka mosiyana. Masitolo a mankhwala, amene kuno amati chemist, ali paliponse, ku Kawangware, ku Eastleigh, ku Westlands, ena otsegula usiku wonse. Umalipira pa M-Pesa n'kutuluka ndi kathumba kako. Mlendo wongofika kumene amaganiza kuti vuto la mankhwala walisiya pa Chileka. Sipatenga nthawi kuti aone kuti kuno mankhwala alipo koma amatsata ndalama, ndipo ngakhale zipatala zazikulu za boma zimalipiritsa. N'chifukwa chake nkhani ya inshuwalansi ya zaumoyo ili pakamwa pa Mkenya aliyense.

Kuyambira mu 1966 dziko la Kenya linali ndi thumba lotchedwa NHIF. Mu 2023 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano, Pulezidenti William Ruto anasaina, ndipo pa 1 Okutobala 2024 NHIF inatha, m'malo mwake munalowa Social Health Authority, imene aliyense amangoti SHA. Kale munthu wapantchito ankadulidwa ndalama yosapitirira mashilingi 1,700 pamwezi ngakhale alandire zochuluka bwanji. Tsopano amadulidwa 2.75 peresenti ya malipiro ake onse, popanda malire. Wolandira mashilingi 50,000 amapereka 1,375, wolandira 100,000 amapereka 2,750. Amene sali pantchito yolembedwa, monga ogulitsa masamba, oyendetsa njinga zamoto ndi ochapa m'makomo, amawunikidwa mmene banja lawo limapezera, ndipo ndalama yochepetsetsa ndi mashilingi 300 pamwezi. Lamuloli linakhazikitsa matumba atatu: lina la chithandizo choyambirira m'zipatala zing'onozing'ono, lina la inshuwalansi yeniyeniyo, lina la ngozi ndi matenda aakulu okhalitsa monga khansa ndi impso.

Ganizo lake ndi labwino: wopeza bwino apereke zambiri, wosauka apereke zochepa, onse athandizidwe mofanana. Koma chiyambi chake chinali chowawa. Nyuzipepala za kuno zinadzaza ndi nkhani za odwala amene anabwezedwa kapena kuuzidwa kuti alipire okha chifukwa makompyuta otsimikizira mayina awo sankayenda, ena a iwo ofuna kutsukidwa magazi chifukwa cha impso, ena a khansa. Mu Januwale 2025 odwala ena analowa ku Afya House, likulu la unduna wa zaumoyo, n'kusokoneza msonkhano wa nduna ndi atolankhani kuti madandaulo awo amveke. M'chaka chomwecho bungwe la zipatala zomwe si zaboma, la RUPHA, linalengeza kuti zipatala zake zileka kulandira odwala pa SHA chifukwa cha ngongole zimene sizinalipidwe, zina zochokera nthawi ya NHIF. Chipatala chikapanda kulipidwa sichingalipire amene amachigulitsa mankhwala, ndiye chimauza wodwala kuti apereke ndalama pamanja.

Palinso unyolo wina. Kuyambira mu 2013 zipatala zambiri za boma ku Kenya zili m'manja mwa maboma ang'ono 47 otchedwa ma county. Iwo amagula mankhwala ku bungwe la KEMSA. County ikachedwa kulipira ngongole yake, KEMSA imavutika kugula katundu wina, ndipo wodwala wa ku Mathare amamva mawu omwe aja amene amayi anga amamva ku Ntcheu, kungoti m'Chiswahili. Dzina lake lili m'kaundula, ndalama anadulidwa, koma shelefu ilibe kanthu.

Nanga ife alendo tili pati? Lamulo la SHA limalola munthu wa dziko lina amene amakhala ku Kenya mokhazikika kuti alembetse. Amene tili ndi ziphaso zogwirira ntchito, mabwana athu amatidula ndalamayi ngati wina aliyense. Koma pakati pathu pali ophunzira amene ndalama zawo n'zowerengeka, pali amene anabwera kudzaona abale n'kukhalitsa, pali amene mapepala awo anatha. Amenewa akadwala amaopa ngakhale kufika pa geti la chipatala. Dziwani kuti malamulo aakulu a dziko la Kenya a 2010, mu gawo 43, amaletsa kumana munthu chithandizo chadzidzidzi, ndipo amakamba za munthu aliyense, osati nzika zokha. Amene wakomoka kapena wachita ngozi mutengereni kuchipatala osayamba mwawerenga mapepala ake. Vuto limatsala pa matenda a tsiku ndi tsiku, BP, shuga, mphumu, khunyu, amene safuna ambulansi koma amafuna mbulu umodzi kapena iwiri tsiku lililonse mpaka kalekale. Pamenepo wopanda inshuwalansi amadalira thumba lake lokha. Inu a ku Joni ndi kwina, funsani mmene lamulo la kumene muliko likunenera musanadwale. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Tsopano ndilankhule za mankhwala amene sitiwatchula mokweza m'misonkhano yathu, ma ARV. Achinyamata ena sadziwa kuti mankhwalawa anafika bwanji m'manja mwathu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 mankhwala a munthu mmodzi a chaka chimodzi ankagulitsidwa madola oposa 10,000, ndipo kwathu tinkangoika maliro sabata ndi sabata. Mu 2001 kampani ya Cipla ya ku India inalengeza kuti ingathe kupereka mankhwala a chaka chonse pa madola 350, kuchepera dola imodzi patsiku. Chaka chomwecho mayiko anagwirizana ku Doha kuti malamulo oteteza eni mankhwala asalepheretse dziko kuteteza miyoyo ya anthu ake. Kenako kunabwera Global Fund mu 2002 ndi PEPFAR ya boma la America mu 2003, ndipo mu 2004 Malawi anayamba kupereka ma ARV kwaulere m'zipatala za boma. Ambiri mwa inu muli ndi m'bale amene anadzuka pamphasa chifukwa cha zimenezi.

Nkhondo ina inamenyedwa konkuno ku Nairobi. Mu 2008 Kenya inakhazikitsa lamulo lolimbana ndi katundu wachinyengo, koma mawu ake anali otambalala kotero kuti mankhwala abwinobwino otsika mtengo, opangidwa ndi makampani ena osati eni dzina, akanatha kugwidwa ngati achinyengo. Anthu atatu okhala ndi HIV anakamang'ala kukhoti. Mu Epulo 2012 woweruza Mumbi Ngugi wa High Court anagamula kuti ufulu wa moyo ndi thanzi uli patsogolo pa phindu la eni mankhwala, ndipo ndime zimenezo ziunikidwenso. Anthu atatu amenewa sanali nduna kapena madokotala. Anali odwala amene anaona kuti chiganizo chimodzi cha m'lamulo chingawachotsere mankhwala pakamwa.

Ngakhale zili choncho, ma ARV athu akadali m'manja mwa ena. Mu 2021 mankhwala ochokera ku America anakhala miyezi pa doko la Mombasa chifukwa cha kusamvana pa misonkho ndi pa amene aziwagawa, ndipo anthu amene ankalandira a miyezi itatu anayamba kupatsidwa a masabata ochepa. Pa 20 Januwale 2025 Pulezidenti Donald Trump analamula kuti thandizo la America lopita kunja liyambe laima kwa masiku 90. Patapita masiku anati mankhwala opulumutsa moyo apitirire, koma m'makiliniki ambiri ogwira ntchito amene ankalipidwa ndi ndalamazo anali atauzidwa kale kuti akhale kunyumba. Mu Malichi chaka chomwecho bungwe la WHO linatchula Kenya pakati pa mayiko asanu ndi atatu amene ma ARV akanatha kuwathera m'miyezi yotsatira.

M'masiku amenewo mayi wina wa m'gulu mwathu anandiitanira pambali titamaliza mapemphero a pakati pa sabata. Tinali titadziwana zaka zingapo, tikudya limodzi, koma sindinkadziwa kuti amamwa ma ARV. Anandiuza kuti atamva nkhani pa wailesi anayamba kumwa tsiku limodzi n'kudumpha lina, kuti botolo lake likhalitse. Anachita zimenezi masabata atatu ali yekhayekha, akuimba nafe kwaya, osauza munthu. Ankaganiza kuti akusunga moyo wake, pamene kudumphadumpha kotero ndi kumene kumapatsa kachilombo mpata wozolowera mankhwala, mpaka mankhwala aja n'kusiya kugwira ntchito. Mawa lake tinapita limodzi ku kiliniki yake. Mankhwala analipo. Anamupatsa, anamulangiza, ndipo anamuuza tsiku lodzayezetsa magazi. Pobwerera mu matatu anandiuza kuti chimene ankaopa kwambiri si kutha kwa mankhwala, koma kuti akapempha thandizo mu mpingo nkhani yake idzasanduka mutu wa pemphero wolengezedwa kutsogolo. Wandilola kulemba izi pokhapokha ndisatchule dzina lake, ndipo sindidzatchula.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu, makamaka a ku Joni, mumadalira m'bale kuti azikutengerani mankhwala ku chipatala cha kumudzi n'kupatsira oyendetsa mabasi. Ndikumvetsa chifukwa chake: mantha a mapepala, chilankhulo, ndi manyazi. Koma basi ikachedwa, kapena m'bale uja akadwala, mumatsala manja lende, ndipo palibe amene akukuyezani magazi kuti aone ngati mankhwalawo akugwirabe ntchito. Ngati n'kotheka, mukapita kumudzi pemphani kalata yosamutsira ku chipatala chanu, ndipo mukalembetse ku kiliniki ya kumene mukukhala. Mankhwala amene ambiri akumwa masiku ano, ophatikiza tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir m'mbulu umodzi, ndi omwewo ku Malawi, ku Kenya, ku Zambia ndi ku South Africa.

Pali nzeru ina yaing'ono imene imapulumutsa ndalama zambiri. Mankhwala aliwonse ali ndi mayina awiri: dzina la mankhwala enieniwo ndi dzina la malonda limene kampani inawapatsa. Inenso ndimamwa mankhwala a BP. Adokotala ena atandilembera dzina la malonda, ndinafunsa wa mu chemist ngati ali ndi amlodipine wa kampani ina wa mlingo womwewo, ndipo mtengo unatsika kupitirira theka. Pemphani adokotala akulembereni dzina lenilenilo ndi mlingo wake, mulisunge mu foni. Likuthandizani mukasamuka dziko, komanso potumiza ndalama kumudzi mudzadziwa chimene mukugula. Koma kutsika mtengo kusakutengereni kwa ogulitsa m'misika ndi m'mabasi. Bungwe la WHO linanena mu 2017 kuti m'mayiko osauka ndi opeza pakatikati, pafupifupi mankhwala amodzi mwa khumi aliwonse ndi achinyengo kapena osafika muyezo. Kuno gulani mu chemist yovomerezedwa ndi Pharmacy and Poisons Board, ndipo musachite manyazi kufunsa chiphaso chake. Zipatala za mishoni nazonso n'zothandiza. Zambiri zimagula mankhwala kudzera ku bungwe la mipingo la MEDS, limene lili ndi malo akeake oyezera ubwino wa mankhwala, monga mmene kwathu timadalirira zipatala za CHAM.

Ndinene chimodzi chokhudza ife eni. Timakhulupirira kuti Mulungu amachiritsa, ndipo sindileka kupempherera odwala. Koma wina asauze mnzake kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro. Amene akuona kuti wachira apite akayezedwe, adokotala ndiwo anene za kusiya kapena kusintha mankhwala. Munthu amene wavutika kupeza insulin m'dziko la eni, n'kumuuza kuti kubaya jakisoni ndi kukayika, tamuwonjezera katundu pamutu. Luka amene analemba uthenga wabwino anali sing'anga, ndipo sanachotsedwe pa utumiki chifukwa cha ntchito yakeyo.

Ife a kunja timadziwa kusonkha. Wina akamwalira, gulu la pa WhatsApp limatsegulidwa tsiku lomwelo, mayina amalembedwa, ndipo pasanathe sabata ndalama ya bokosi, ya mapepala ndi ya ndege yonyamula thupi kupita ku Lilongwe kapena ku Blantyre imakwana. Ndi chinthu chaulemu ndipo tisachisiye. Koma taganizani: ndalama yotumizira thupi limodzi kumudzi ingagulire munthu yemweyo mankhwala a BP a zaka zingati? Timapereka mosanyinyirika munthu akagona m'bokosi, pamene ali moyo ankadula mbulu pakati kuti ufike kumapeto a mwezi ife osadziwa. Pempho langa ndi lakuti nthambi iliyonse ikhale ndi thumba la mankhwala pambali pa thumba la maliro. Lisungidwe ndi anthu awiri kapena atatu odziwa kutseka pakamwa, ndipo ngati pali namwino kapena wodziwa za mankhwala pakati panu akhale mmodzi wa iwo. Wopempha asafunsidwe kuima kutsogolo, ndipo pofotokoza za ndalama patchulidwe ziwerengero, osati mayina kapena matenda. Thumba lomwelo lingathe kulipirira inshuwalansi wophunzira kapena mayi wamasiye amene watsalira m'mbuyo. Mutu umodzi susenza denga.

Thumba la mpingo silingalowe m'malo mwa boma, ndipo tisanamizane. Mu 2001 atsogoleri a mayiko a mu Africa analonjeza ku Abuja kuti azipereka 15 peresenti ya bajeti zawo ku zaumoyo. Mayiko ambiri, kuphatikizapo Kenya, sanafikepo. Zimene zinachitika mu 2025 zatisonyeza kuti moyo wa m'bale wako ukadalira siginecha ya munthu wa kutsidya kwa nyanja, tulo sungagone. Ife amene timatumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi tili ndi mawu. Phungu wa kwanu akabwera kudzacheza ndi a Malawi okhala kunja, kapena mukapita kutchuthi n'kukumana ndi a komiti ya chipatala cha kwanu, funsani za mankhwala: ndalama zake zinaperekedwa zingati, zinafika liti, ndipo chikusowa n'chiyani. Funsani mwaulemu, koma funsani ndithu, ndipo chaka chamawa mudzafunsenso.

Pakadali pano yambani ndi za pafupi. Imbirani makolo kumudzi, ndipo musangofunsa kuti mwadzuka bwanji, chifukwa yankho mukulidziwa kale. Auzeni atenge botolo awerenge mibulu imene yatsala, inu mulembe tsiku limene ithere, ndalama ipite sabata imodzi tsikulo lisanafike. Onaninso botolo lanu. Ndipo Lamulungu likubwerali, mnzanu akakuuzani kuti anapita kuchipatala, mutengereni pambali pamene ena sakumva, mumufunse ngati mankhwala anawapeza onse.

Ambuye akusungeni ndi kukupatsani thanzi, inu ndi a m'nyumba mwanu.